Delos, Chilumba Chopanda Chikuta ndi Manda

Zambiri mwa sitima zikuluzikulu zomwe zimazungulitsa alendo m'zilumba za dziko la Greece, pa nyanja ya Aegean, sizikocheza pa Delos. Zimaima pa Mykonos, chilumba cha nyumba zoyera mbee ndi madansi ochezera, ndipo yemwe akufuna kukaona Delos amatsika n'kukwera boti laling'ono loyenda ngati theka la ola. Mphepo yakumpoto yomwe eni ake amaitcha meltemi ikakalipa, monga imachitira mu July ndi August, ulendowo umatha kulephereka. Ikadekha, mlendo amakatsikira pa kachilumba kouma gwaa, kotalika makilomita asanu, m'mimba mwake kilomita imodzi ndi pang'ono, kopanda hotela, kopanda mudzi, kosowa ndi mthunzi womwe. Dzuwa likapendeka boti lomaliza limasesa onse. Ogona pamenepo ndi alonda ndi akatswiri ofukula zakale basi.

Namulondola amakhala ndi maola awiri kapena atatu oti ayendetse gulu lake m'mabwinja a mzinda wathunthu. Choncho amasankha zomwe maso angakondwe nazo: mikango yamiyala, zipilala, zithunzi za timiyala zoyalidwa pansi m'nyumba za anthu achuma. Sindimuimba mlandu, poti dzuwa la kumeneko silipatsa mpata wa nkhani zazitali. Koma mbiri ya Delos ikafotokozedwa mosathamanga, imaonetsa malo omwe kupatulika kwake kunawalemeretsa, kenaka kupatulika komweko kunasanduka chingwe chomwe amphamvu anamangira eni nthaka.

Anthu anayamba kukhala pa Delos kale kwambiri. Pamwamba pa Kynthos, phiri lomwe kunena zoona ndi chitunda chabe cha mamita 112, anapezapo maziko a timanyumba ta zaka za m'ma 2500 BC. Koma chomwe chinatchukitsa chilumbachi ndi nthano. Agiriki ankati Zeus, mkulu wa milungu yawo, anapereka pathupi kwa Leto, ndipo mkazi wake wakunyumba, Hera, anapsa mtima moti dziko lililonse linkaopa kulandira woyembekezerayo. Leto anayendayenda ali wotopa, mayiko ndi zilumba zikumukana, mpaka anafika pa kathanthwe kosauka komwe kanalibe choti n'kutaya. Ena ankati nthawi imeneyo kachilumbako kankangoyandama, kopanda mizu. Pamenepo, atakolekera manja pa mtengo wa kanjedza, anachira. Mwanayo anali Apollo, mulungu wa kuwala, nyimbo ndi ulosi, ndipo nthano zambiri zimati mlongo wake Artemis anabadwira pomwepo.

Kanjedza ameneyu amatchulidwa ngakhale mu ndakatulo ya Homer yotchedwa Odyssey, kusonyeza kuti mbiri ya malowa inali itafala kale Agiriki asanayambe kulemba mabuku a mbiri. Nthaka ya pa Delos sinkabala zambiri. Chomwe chinkadyetsa anthu ake ndi nthanoyi. Agiriki a fuko la Ionia, a m'zilumba ndi a m'mphepete mwa nyanja ku Asia Minor, ankasonkhana kumeneko ndi akazi awo ndi ana, kudzapereka nsembe, kudzaonerera nkhonya, magule ndi makwaya a atsikana. Pomwe pasonkhana khamu sipalephera msika, ndipo kachisi akalemera mafumu sachedwa kumuyendera.

Oyamba kuonetsa mangolomera anali a ku Naxos, chilumba chachikulu chapafupi chomwe mapiri ake ndi a mwala woyera wa mabo. Cha m'ma 600 BC iwo anandandalika mikango yosema m'mbali mwa njira, itakhala tsonga, kukamwa kuli yasa, ikuyang'ana kum'mawa komwe kunali dziwe lopatulika. Anaimikanso chiboliboli cha Apollo chotalika mamita ngati 9. Mikangoyo ndi yowonda, ya misana italiitali, ndipo munthu wodziwa mkango weniweni amakayika msanga ngati wosemayo anauonapo ndi maso. Lero yooneka bwino yatsala isanu. Umodzi unatengedwa ndi anthu a ku Venice m'zaka za m'ma 1700, ndipo mpaka pano uli pa chipata cha Arsenal mumzindawo, utaikidwa mutu wina wosauyenera. Yomwe alendo amajambulitsa nayo panja ndi yongopanga mofanizira. Yeniyeni inalowetsedwa m'myuziyamu ya pachilumbapo mu 1999 poithawitsa mphepo yamchere.

Mphatso zoterezi sizinali za chikhulupiriro chokha. Yemwe ankaoneka kuti ndiye akusamala nyumba ya Apollo ankaonekanso kuti ndiye mkulu wa nyanja yonse. N'chifukwa chake Peisistratos, wolamulira Athens, cha m'ma 540 BC analamula kuti manda onse oonekera munthu ali pa kachisi afukulidwe n'kusamutsidwira mbali ina ya chilumba. Polycrates wa ku Samos, atalanda chilumba choyandikana cha Rheneia, anachipereka kwa Apollo pochimangirira ku Delos ndi unyolo, poti madzi olekanitsa zilumba ziwirizi sakwana ndi kilomita yomwe. Ngakhale adani ankapaopa. Mu 490 BC, zombo za Aperisiya zikupita kukathira nkhondo Athens, anthu a pa Delos anathawira ku Tinos. Wolemba mbiri Herodotus akuti mkulu wa asilikaliwo, Datis, sanalole zombo zake kukocheza pa Delos, anatumiza uthenga woti othawawo abwerere mopanda mantha, ndipo anafukiza lubani wolemera matalente 300 paguwa.

Aperisiya atagonjetsedwa ku Salamis mu 480 BC ndi ku Plataea chaka chotsatira, mizinda yambiri ya Agiriki inapangana zogwirana manja kuti mdani asadzabwerenso. Mgwirizanowo unakhazikitsidwa mu 478 BC, Athens ili patsogolo. Mzinda uliwonse unkasonkha zombo kapena ndalama. Aristides wa ku Athens ndiye anagawa kuti wakuti azipereka zakuti, ndipo wolemba mbiri Thucydides akuti chopereka choyamba chinakwana matalente 460. Thumba linaikidwa pa Delos, malo a mulungu, poti panalibe mzinda wamphamvu womwe ukanati ndi pakhomo pake. Misonkhano inkachitikira ku kachisi komweko, ndipo ntchito yomangira Apollo kachisi wamkulu watsopano inayamba.

Sipanapite nthawi kuti mamembala azindikire kuti khomo lolowera linalipo koma lotulukira panalibe. Naxos itafuna kuchoka, Athens inaizinga ndi zombo mpaka inagonja. Mu 454 BC thumba lija linasamutsidwira ku Athens, ati poopa kuti Aperisiya angalilande, ndipo silinabwererenso. Mu 447 BC ntchito yomanga kachisi wa Parthenon inayamba pa phiri la Acropolis, ndipo adani a Pericles, mtsogoleri wa Athens, ankamunena poyera kuti akukongoletsa mzinda wake ndi ndalama za anzake. Alendo ambiri a masiku ano amayambira ulendo wawo ku Athens, amakwera Acropolis, kenaka n'kukakwera sitima padoko la Piraeus. Akafika pa Delos amapeza kachisi wamkulu wa Apollo ali maziko okhaokha. Ntchito yake inaima thumba litachoka. Inadzayambiranso patapita zaka zoposa 100, koma zipilala zake sizinamalizidwe kusemedwa. Munthu akaona malo awiri onsewa ndi pomwe amamvetsa kuti ndalama zinadzera kuti.

Chachikulu chinachitika m'nyengo yozizira ya 426 BC. Athens inali pankhondo ndi Sparta, ndipo mliri unali utapulula anthu mumzindamo kuyambira 430 BC, Pericles yemwe ali m'gulu la omwalira. Pomvera ulosi wina, a ku Athens anaganiza zoyeretsa Delos kotheratu. Manda onse a pachilumbapo anafukulidwa. Mafupa, miphika ndi zonse zomwe akufa anaikidwa nazo anaziolotsera ku Rheneia n'kuzikhuthulira m'dzenje limodzi. Kenaka linaikidwa lamulo: pa Delos pasabadwe munthu, pasafenso munthu. Mayi woyembekezera masiku ake akayandikira ankakwezedwa m'bwato wa ku Rheneia. Wodwala kayakaya chimodzimodzi. Wolemba wina, Strabo, anadzalemba pambuyo pake kuti ngakhale kuweta galu kunali koletsedwa.

Kwa Agiriki, kubereka ndi mtembo zinali zodetsa malo a mulungu, choncho lamuloli silinali lachilendo m'kati mwa mpanda wa kachisi. Chachilendo chinali kulitambasula kuti likute chilumba chonse chomwe panali mabanja. Ife amene mlandu wa malo timauthetsa poloza pomwe pali manda a makolo ndi pomwe unakwiriridwa mchombo sitifunika wotimasulira zomwe zinachitika apa. Munthu wopanda manda pamalo ndi mlendo, ngakhale azigogo ake atakhalapo zaka chikwi. Agiriki nawo ankadziwa zimenezi. Wolemba wina, Plutarch, anasunga nkhani yoti anthu a pa Delos atadandaula za Athens pamaso pa mtsogoleri wina wa ku Sparta, Pausanias, iye anawafunsa kuti malowo angakhale kwawo bwanji pomwe palibe mmodzi wa iwo anabadwirapo kapena adzaikidwepo. Mwina ankangoseleula, koma anagunda penipeni. Ine ndimaona kuti mantha a mliri analipodi, koma Athens inadziwanso bwino lomwe phindu la mantha amenewo.

Umboni wake sunachedwe. Mu 422 BC a ku Athens anati kuyeretsa kuja kunatsalira pena: anthu enieniwo anali odetsedwa ndi mlandu wina wakale. Onse anathamangitsidwa. Yemwe anawapatsa pokhala anali bwanamkubwa wa Aperisiya, Pharnaces, ku Adramyttion m'mphepete mwa nyanja ku Asia Minor. Ndiye kuti osunga nyumba ya Apollo anakasungidwa ndi mdani yemwe mgwirizano wa pa Delos unapangidwira. Kumenekonso sanapume, poti Mperisiya wina, Arsaces, anaitana amuna awo odalirika ngati akukawalemba usilikali, n'kuwalasa ali mkati mwa kudya. Mu 421 BC Athens, itagonja m'nkhondo zingapo komanso itachenjezedwa ndi olosera a ku Delphi, inawalola kubwerera. Anabwereradi, koma kachisi ndi chuma chake zinakhala nthawi yaitali m'manja mwa akuluakulu otumidwa kuchokera ku Athens.

Athens inaonetsetsa kuti aliyense akuona mwini chikondwerero cha Apollo. Plutarch akusimba za Nicias, mkulu wachuma yemwe anatsogolera nthumwi za mzindawo: anatsikira ku Rheneia, usiku anayala mlatho wokongoletsedwa ndi golide ndi nsalu womwe anaupangiratu ku Athens, ndipo m'bandakucha kwaya yake inaoloka ikuimba. Anasiyanso kanjedza wamkuwa, yemwe tsiku lina mphepo inamugwetsera pa chiboliboli cha a ku Naxos chija n'kuchigwetsa. Chaka chilichonse mzindawo unkatumizanso chombo chopatulika pokumbukira Theseus, yemwe nthano imati anaima pa Delos pochokera ku Crete atapha chilombo chotchedwa Minotaur, navina ndi anzake gule wokhotakhota kuzungulira guwa lomangidwa ndi nyanga. Mwambo wa chombocho ukayamba, wamlandu aliyense sankaphedwa mpaka chitabwerako. Mu 399 BC unayamba kutatsala tsiku limodzi kuti mlandu wa mphunzitsi wa nzeru Socrates uzengedwe, ndipo mkuluyo anakhala m'ndende masiku 30 akudikira chombo, akucheza ndi ophunzira ake. Macheza a m'ndende omwe Plato analemba mu Crito ndi Phaedo anapeza mpata chifukwa cha ulendo wa ku Delos.

Ufulu unabwera mu 314 BC, pomwe Antigonus, mmodzi wa akazembe omwe ankalimbirana ufumu wa Alexander Wamkulu, anachotsa chilumbachi m'manja mwa Athens. Kwa zaka pafupifupi 150 eni ake anadziyendetsera okha zinthu, ndipo nyengo imeneyi imadziwika bwino chifukwa cha khalidwe limodzi: osunga chuma cha kachisi, omwe ankasankhidwa chaka ndi chaka, ankazokota malipoti awo pamiyala. Miyalayo ilipo. Imanena za minda ya Apollo yomwe inkabwerekedwa kwa zaka khumikhumi, za nyumba za lendi, za ngongole zomwe kachisi ankakongoza pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 iliyonse, za mtengo wa mafuta a olivi, nkhuni ndi kankhumba koyeretsera kachisi mwezi ndi mwezi, za malipiro a amisiri ndi a woimba chitoliro. Mayina a olephera kulipira analembedwanso, pamwala, poonekera. Namulondola sakonda kuima pamiyala yotereyi poti ilibe chokopa maso, komatu akatswiri a mbiri ya chuma amaiwerenga kuti adziwe momwe mitengo ya zinthu inkakwerera ndi kutsika zaka 2,200 zapitazo. Apollo wa pa Delos anali banki.

Mafumu a ku Macedonia, Egypt ndi Pergamon ankapikisana pomanga makonde aatali a zipilala, kuimika ziboliboli ndi kukhazikitsa zikondwerero za mayina awo. Bwalo la zisudzo la mabo, lokwana anthu oposa 5,000, linamangidwa m'nyengo yomweyi, ndipo pafupi pake pali nkhokwe yaikulu ya madzi a mvula yomwe mitanda yake yamiyala yokhota ikadali chiimire. Madzi anali vuto la tsiku ndi tsiku. Kamtsinje ka pachilumbapo, Inopos, n'kakang'ono zedi, komabe anthu ankakhulupirira kuti madzi ake amachokera ku Nile, kudzera pansi pa nyanja, ndi kuti kamadzaza Nile akadzaza. Ubale ndi Africa sunali wa m'nthano mokha. Wansembe wina wa ku Memphis, Apollonios, anabweretsa chipembedzo cha mulungu Serapis, ndipo mdzukulu wake anamanga kachisi yemwe mabwinja ake alipo. Mu 179 BC Masinissa, mfumu ya Numidia kumpoto kwa Africa, anatumiza mphatso yaikulu ya tirigu.

Aroma ndiwo anatembenuza zonse. Atagonjetsa Perseus wa ku Macedonia ku Pydna mu 168 BC, anafuna kulanga Rhodes, chilumba cha amalonda chomwe chinaoneka ngati chikuponda mbali ziwiri pankhondoyo. Sanatumize asilikali. Anangopereka Delos kwa Athens n'kulamula kuti padoko pake katundu asamalipitsidwe msonkho. Wolemba mbiri Polybius akuti nthumwi ya ku Rhodes inakadandaula ku Rome kuti ndalama za padoko lawo zatsika kuchoka pa madrakima 1,000,000 kufika pa 150,000 pachaka. Nanga eni Delos? Anauzidwa kuti atenge katundu wawo achoke. Anapita ku Achaea, ndipo ulendo uno chilumba sichinabwererenso m'manja mwawo. Lamulo la manda lija linali litagwira kale ntchito yake, analibe choloza.

M'malo mwawo munadzaza obwera. Mzinda wa Corinth utaphwasulidwa ndi Aroma mu 146 BC, amalonda ambiri anasamukira ku Delos, ndipo Rome itatenga ufumu wa Pergamon patapita zaka zochepa, kachilumbaka kanapezeka pakati penipeni pa njira yochokera ku Italy kupita kum'mawa. Akatswiri amayerekeza kuti cha m'ma 90 BC panali anthu pafupifupi 30,000. Amalonda a ku Italy anali ndi bwalo lawo lalikulu. A ku Berytus, komwe lero ndi Beirut, anali ndi nyumba ya bungwe lawo pansi pa dzina la mulungu Poseidon. Panalinso a ku Tyre, a ku Alexandria, a ku Syria ndi mulungu wawo wamkazi Atargatis, Asamariya omwe anasiya zolemba zotchula phiri la Gerizim, ndi Ayuda omwe nyumba ina ya kugombe la kum'mawa ambiri amaitenga kuti inali sunagoge wawo. Nyumba zomwe alendo amaonetsedwa lero ndi za nyengo imeneyi: zina zosanja, bwalo pakati, chitsime cha madzi a mvula pansi pake, ndi zithunzi za timiyala za mulungu Dionysus atakwera kambuku, za nsomba za dolphin, za nangula. Pa nyumba ina paima ziboliboli ziwiri zopanda mitu, za Cleopatra ndi mwamuna wake Dioscourides, banja la ku Athens, zoimikidwa cha mu 138 BC. Alendo ena amanyadira poganiza kuti ndi mfumukazi ya ku Egypt ija, mpaka namulondola atawauza kuti imeneyo inabadwa patapita zaka pafupifupi 70.

Ndalama zomangira zonsezi zinkachokera kuti? Ku tirigu, vinyo, mafuta ndi zonunkhiritsa, inde, komanso kwa anthu. Minda ikuluikulu ya eni chuma ku Italy ndi Sicily inkafuna manja, ndipo ufumu wa ku Syria utafooka, achifwamba apanyanja a ku Cilicia anapeza malonda osavuta: kugwira anthu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja n'kukawagulitsa padoko lopanda msonkho. Strabo analemba kuti Delos inkatha kulandira ndi kutumiza akapolo 10,000 tsiku limodzi. Akatswiri ambiri amati anakokomeza, ndipo n'zomveka ukaona kuchepa kwa dokolo. Koma ngakhale titafufutapo ziro mmodzi, chotsalacho n'chochititsa manyazi. Pachilumba pomwe mayi sankaloledwa kubereka poopa kudetsa nthaka, mwana wa mayi wina ankagulitsidwa masanasana, wansembe osaonapo chodetsa.

Akapolowo sanasiye nyumba zoti munthu n'kujambula. Akatswiri mpaka lero amatsutsana ngati bwalo la amalonda a ku Italy, lomwe ndi lalikulu kwambiri koma makomo ake ndi ochepa komanso opapatiza, linali msika wa anthu kapena malo ongosonkhanira. Zizindikiro zawo zomwe zatsala n'zazing'ono. Bwalo loyamba lomwe mlendo amaponda akangotsika boti limatchedwa ndi dzina la bungwe la akapolo ndi omasulidwa omwe ankapembedza milungu ya pamphambano ya Aroma. Olemba akale amatchula kuti m'zaka za m'ma 130 BC, nthawi yomwe akapolo anaukira ku Sicily, a pa Delos nawo anayesa, koma anagonjetsedwa msanga. Ndipo ku Rheneia kunapezeka mwala wa pamanda wa akapolo pafupifupi 20 a munthu mmodzi, Protarchos, mayina awo atalembedwa pamodzi ndi kwawo. Amenewa ndi omwe anachita mwayi wolembedwa.

Chitukuko chimenechi sichinakwanitse ndi zaka 100 zomwe. Mu 88 BC Mithridates, mfumu ya Pontus, anali pankhondo ndi Rome, ndipo Athens inakhala mbali yake pomwe amalonda a pa Delos anakhala mbali ya Aroma. Mzinda wa pa Delos unalibe linga. Unkadalira kuti palibe angayerekeze kukhetsa magazi pa nthaka ya Apollo, monga Datis anaopera zaka 400 m'mbuyomo. Asilikali a Mithridates sanaope. Wolemba mbiri Appian akuti pa ulendo umenewo anaphedwa amuna 20,000, ambiri a iwo a ku Italy. Akazi ndi ana anatengedwa ukapolo. Otsala atayamba kutolera moyo, mu 69 BC achifwamba a Athenodorus anabweranso n'kufunkha. Apa ndi pomwe mkulu wa asilikali a Aroma, Triarius, anamanga linga mothamanga, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Amalonda anali atazolowera kulunjika ku Puteoli ku Italy osaima panjira, ndipo kazembe wa Aroma, Pompey, atasesa achifwamba panyanja mu 67 BC, gwero lalikulu la akapolo linauma.

Zotsatira n'zachidule. M'zaka za m'ma 100 AD, Pausanias wina, wolemba za maulendo, anati kupanda alonda otumidwa ndi Athens pachilumbapo sipakanakhala munthu. Panadzakhala kamudzi ka Akhristu kokhala ndi matchalitchi angapo ndi bishopu, kenaka nako kanatha. Kwa zaka mazanamazana Delos inali pobisalira achifwamba, podyetsera nkhosa, ndiponso potapa miyala yosemasema kale: ina inkapita kukamangira nyumba m'zilumba zoyandikana ndi kutali komwe, ina n'kuotchedwa kuti ikhale laimu. Cyriacus wa ku Ancona atafika mu 1445 anapeza chiboliboli cha Apollo chija chikadali ndi mutu. Lero mutuwo kulibe. Pabwalo pagona chifuwa ndi chiuno, dzanja lili m'myuziyamu ya pa Delos, chidutswa cha phazi chili ku British Museum ku London.

Ofukula a ku France, a École française d'Athènes, anayamba ntchito mu 1873, ndipo akadalipo. Gawo lalikulu la mzinda linavundukulidwa pakati pa 1904 ndi 1914, motsogozedwa ndi Maurice Holleaux, ndi ndalama za mkulu wina wachuma, Joseph Loubat. Dothi ndi zibuma zomwe anafukula anazikhuthulira m'nyanja, ndipo ndi zomwe zinapanga kamtunda komwe maboti amakochezapo lero. Ziboliboli zina zotchuka, monga cha mulungu wamkazi Aphrodite atatukulira mulungu Pan nsapato, zinapita ku National Archaeological Museum ku Athens. Dziwe lopatulika lija analiphwetsa mu 1925 chifukwa udzudzu wake unkadwalitsa anthu malungo. Malo ake tsopano azunguliridwa ndi kakhoma, pakati pali kanjedza wobzala. UNESCO inaika Delos pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse mu 1990. Mdani wa lero ndi nyanja: madzi akukwera, mafunde a m'nyengo yozizira akugumula makoma a nyumba za kugombe, ndipo mbali ina ya zomangamanga za padoko lakale ili kale m'madzi.

Dzenje la ku Rheneia lija linapezeka mu 1898. Dimitrios Stavropoulos, wofukula wa boma la Greece, anapezamo mafupa ndi miphika yambirimbiri ya mibadwo yosiyanasiyana itasakanikirana, monga momwe a ku Athens anaikhuthulira. Myuziyamu ya ku Mykonos inamangidwa makamaka kuti isunge zimenezi. Maulendo ambiri a sitima amapereka tsiku limodzi lokha la Mykonos ndi Delos pamodzi, ndipo anthu akabwerako ku mabwinja amathamangira kugombe kapena kumashopu. Maboti opita ku Rheneia nawo kawirikawiri amapititsa anthu kukasambira. Inu amene mudzapeze mwayi wofika kumeneko, nyamulani madzi ndi chipewa, kwerani Kynthos ngati miyendo ikulola kuti muone momwe zilumba zinazo zazungulirira, ndipo mumufunse namulondola za Rheneia ndi za akapolo, poti ambiri amadziwa koma amadikira wofunsa. Pobwerera musungeko ola limodzi la myuziyamu ya ku Mykonos. Zomwe eni Delos anaikidwa nazo m'manda zili m'menemo.